Kombi ya Pansi pa Mtengo wa Mango

Mwezi uno tikupemphani kuti mutiperekeze kuseri kwa nyumba ina ya ku Highridge, muno mu Kabwe, kumene galimoto inaima pansi pa mtengo wa mango kwa zaka zoposa khumi, onse a pabanjapo ataiiwala kupatula nkhuku zimene zinkaikiramo mazira. Galimotoyi ndi ya alamu athu, amuna awo a alongo athu aakulu, amene anapuma pa ntchito yokonza sitima zapamtunda. Ndi Volkswagen Kombi ya m'zaka za m'ma 1970, ya mtundu uja azungu amautcha camper, ndiko kunena kuti galimoto imene m'kati mwake muli bedi, kabati, sitovu ya gasi ndi kafiriji. Kampani ya Westfalia ya ku Germany inayamba kusandutsa ma Kombi kukhala tinyumba toyenda totere m'chaka cha 1951. Alamu athu anagula yawo kwa mphunzitsi wina wa ku Ulaya amene ankabwerera kwawo, nayenda nayo maulendo ambiri a kumudzi ku Katete, kufikira pamene kudula kwa mafuta ndi kusowa kwa zipangizo kunaikhazika pansi.

Mwina wina afunsa kuti, "Nanga galimoto ya anthu okaona malo itikhudza bwanji ife amene ngakhale njinga tilibe?" Yankho lake n'lakuti zinthu zitatu zimene zili m'galimoto yotere, gasi, firiji ndi batire, ndi zomwezo zimene zalowa m'makomo ambiri chichokere chilala cha 2024. Kombi ndi nyumba ndithu, kungoti ndi yaing'ono, ndipo m'nyumba yaing'ono cholakwa sichichedwa kuoneka.

Tonse tikukumbukira chaka chimenecho. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse. Madzi a m'nyanja ya Kariba anaphwera, makina opangira magetsi anasowa chowazunguza, ndipo pofika Seputembala makomo ambiri ankaona malaiti maola atatu okha pa tsiku, ena osawaona n'komwe. Kwa ambiri a ife vuto linali la ndiwo zoonongeka ndi foni zozima. Kwa alongo athu linali la moyo, popeza amadwala matenda a shuga ndipo amadzibaya jakisoni wa insulini tsiku lililonse. Mankhwalawa, botolo lisanatsekulidwe, amafuna kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Akatentha amatha mphamvu mwakachetechete, osasintha maonekedwe, ndipo wodwala amazindikira thupi litayamba kale kumuuza. Choncho mu Julaye, poona kuti kutentha kwa Okutobala kuli m'njira, alamu athu anakumbukira kuti m'Kombi muja muli firiji yosalira magetsi. Anathamangitsa nkhuku, nasesa zitosi, nakadzazitsa silinda ya gasi m'tauni.

Tivomere pano kuti ife tinawalimbikitsa. Firiji yotere timaidziwa kuyambira tili kusukulu ya mishoni, kumene m'kachipatala munali ina yoyendera parafini yosungiramo katemera, ndipo ife anyamata tinkadabwa kuti kalawi ka moto kangabale bwanji madzi oundana. Nzeru yake inatulukiridwa mu 1922 ndi ophunzira awiri a ku Sweden, Baltzar von Platen ndi Carl Munters, ndipo kampani ya Electrolux inayamba kugulitsa mafiriji otere mu 1925. M'mapayipi ake otsekeka muli madzi, amoniya ndi mpweya wa hayidirojeni. Moto umawiritsa madziwo kuti amoniya atuluke ngati nthunzi; nthunziyo ikazizira kuseri kwa firiji imasanduka madzi, n'kutsikira m'kati, kumene imaulukanso ikakumana ndi hayidirojeni, ndipo pouluka imatenga kutentha kwa zakudya monga mmene thukuta limatengera kutentha kwa thupi. Mulibe injini, mulibe chozungulira, mulibe phokoso. N'chifukwa chake firiji ya zaka makumi asanu ikhoza kuyaka lero ngati kuti inazimitsidwa dzulo. Ya alamu athu inayakadi, ndipo tinaomba m'manja. Chimene sitinachione n'chakuti lawi lake linali lachikasu.

Usiku wachitatu mdzukulu wawo wa zaka 12, amene anali patchuthi, anapempha kuti akagone m'galimotomo kuti, monga ananenera yekha, akalondere mankhwala a agogo. Pajatu Julaye wa ku Kabwe sasewera, choncho mwanayo anatseka zitseko ndi mawindo onse, nafunda bulangete. Pakati pa usiku anadzuka mutu ukuwawa ngati wamenyedwa, mseru uli tho, miyendo ili lendelende. Mwamwayi anakwawa n'kutsekula chitseko, nasanzira panja pomwepo. M'mawa alongo athu anathamangira naye kuchipatala poganiza kuti ndi malungo. Atamuyeza malungo sanapezeke, ndipo dokotala anangofunsa funso limodzi: "Mayi, mwanayu anagona kuti, ndipo munali moto wanji?"

Titabwerera kunyumba tinatsekula kuseri kwa firiji. Kachumuni kake kanali kodzaza ndi dzimbiri, mwaye ndi zisa zadothi za mavu. Choopsa kwambiri chinali chakuti bowo la m'mbali mwa galimoto, lotulutsira utsi kunja, alamu athu eni ake analikhomera kachilata zaka zambiri zapitazo poletsa mvula, n'kuiwala. Moto wa gasi ukapeza mpweya wokwanira umayaka wabuluu. Ukaperewera mpweya umayaka wachikasu, n'kumatulutsa mpweya wakupha wotchedwa carbon monoxide, umene ulibe mtundu, ulibe fungo, sutsokomoletsa. Ukalowa m'mapapo umakangamira magazi kuposa mpweya wabwino nthawi zoposa 200, kotero kuti munthu amafa ndi njala ya mpweya akupuma ndithu. Akuluakulu anati tsoka silinunkha, ndipo pa nkhani iyi mwambiwo si wophiphiritsa ayi. Ndi mpweya womwewu umene umatenga mabanja amene amalowetsa mbaula ya makala m'chipinda chotseka m'miyezi yozizira. Zizindikiro zake, mutu, chizungulire, mseru ndi kufooka, zimafanana kwambiri ndi malungo, ndipo zikagwira anthu angapo a m'chipinda chimodzi nthawi imodzi, choyamba ndi kutsekula zitseko ndi kuwatulutsira panja.

Mayi wa mwanayo, amene ndi mwana wachisamba wa alamu athu, anaphunzira za magetsi ku Kabwe Institute of Technology ndipo amagwira ntchito ku Ndola. Atamva nkhaniyi anangonena pafoni kuti, "Atate, galimotoyo musaikhudzenso mpaka nditafika." Anafika Loweruka, nazungulira Kombi kawiri osalankhula, kenaka anatembenukira kwa ife nati, "Amalume, inunso munalipo poyatsa?" Tinalibe poyang'ana. Tinkayembekeza kuti alamula kuti galimotoyo igulitsidwe kwa ogula zitsulo zakale, koma iye anati maganizo a atate ake anali abwino, cholakwika chinali kuyambira kumapeto. Munthu sayamba ndi kuyatsa, amayamba ndi kufunsa kuti chimene chingaphe n'chiti, chimene chingapse n'chiti, ndipo pomalizira pake chimene chingadye ndalama n'chiti. Motero ntchito inayambira pa gasi.

Gasi amene timagula m'masilinda ndi wa mitundu iwiri, propane ndi butane, ndipo kawirikawiri amakhala wosakaniza. M'silindamo amakhala ngati madzi chifukwa chopanikizidwa, koma akatuluka amafufuma nthawi zoposa 200, n'chifukwa chake kabowo konga ka singano kakhoza kudzaza chipinda. Mwachibadwa alibe fungo. Fungo lonyansa lija amachita kuthiramo dala kuti mphuno zitichenjeze. Chimene ambiri sitidziwa n'chakuti gasiyu ndi wolemera kuposa mpweya. Utsi umakwera, koma gasi amatsika n'kudikha pansi monga madzi m'chithaphwi, kudikira wina akhwatche machesi kapena asindikize swichi. M'Kombi ya alamu athu silinda inkangokhala pansi pa sinki, pafupi ndi bedi. Mmisiri wa gasi amene mwana uja anaitana anaipangira kabokosi kakekake kotsekeka bwino kumbali ya m'kati, koma kokhala ndi bowo pansi penipeni lotulukira kunja, kuti gasi akadontha atsikire panja. Anaimangirira ndi lamba kuti izikhala chilili, pakuti silinda yogona imatumiza gasi wamadzi ku sitovu, ndipo lawi lake limatha kufika kudenga.

Payipi ya labala inali ya tsiku lomwe galimotoyo inapangidwa. Poipinda inang'ambika ngati chikopa chouma. Mapayipi a gasi enieni amalembedwa chaka chimene anapangidwa, ndipo opanga ambiri amalangiza kuwasintha pakapita zaka zisanu. Payipi yothirira maluwa, imene taiona m'makhichini ena, gasi amaidya. Regulator, kachipangizo kaja kochepetsa mphamvu ya gasi pakamwa pa silinda, nakonso kanasinthidwa. Atamanga zonse mmisiriyo anasungunula sopo m'kapu, napaka thovu pa mfundo iliyonse, ndipo pamfundo ina kuseri kwa sitovu thovulo linayamba kutukumuka ngati chule. Alamu athu anaulula kuti kale ankayesa ndi machesi. Mmisiriyo anawayang'ana nthawi yaitali, nati, "Atate, ndiye kuti muli ndi mwayi wa anthu khumi." Anatilangizanso kudzazitsa gasi kwa ogulitsa okhawo amene ali ndi chilolezo cha Energy Regulation Board, chifukwa silinda siyenera kudzazidwa mpaka pakamwa, imasiyidwa malo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu kuti gasi akatenthedwa apeze kofufumira. Pomaliza anakhoma pakhoma, pafupi ndi pogona, kachipangizo koyendera timabatire kamene kamalira kakamva carbon monoxide. Pa zonse zimene zinagulidwa, kameneka ndiko kanali kotsika mtengo kuposa zina.

Mkangano weniweni unabuka pa firiji. Alamu athu anati popeza chumuni chatsukidwa, bowo latsekulidwa ndipo lawi layamba kuyaka labuluu, palibe chifukwa chotayira chinthu chimene chikugwira ntchito. Ifenso, pokumbukira firiji ya kumishoni ija, tinali mbali yawo. Mwana wawo sanatsutse ndi mawu. Anaika choyezera kutentha m'firijimo, nauza atate ake kuti azilemba chimene chikuonetsa m'mawa, masana ndi madzulo. Mu Ogasiti manambala anali abwino. Pofika kumapeto kwa Seputembala, masana galimoto ikatentha ngati uvuni, choyezeracho chinkafika pa 12, nthawi zina 14, pamene m'bandakucha chinkatsika mpaka kufupi ndi pa 0. Firiji ya moto ndi yofooka pa nyengo yotentha, chifukwa imadalira mpweya wa kuseri kwake kuti uziziritse nthunzi ija, ndipo mpweyawo ukakhala wotentha ntchito imaima. Imafunanso kukhala pamalo osapendekeka, popeza madzi ake amayenda okha motsetsereka. Ikapendekeka nthawi yaitali ili chiyakire, mapayipi amatsekeka osakonzekanso. Kwa mowa kapena mkaka manambala aja sakanadetsa nkhawa. Kwa insulini, amene amaonongeka akatentha ndiponso amaonongeka akaundana, anali chiweruzo. Alamu athu anawerenga kope lawo lomwe, natseka, nati, "Chabwino, mayi, tiuzeni za inayo."

Inayo ndi firiji ya kompresa yoyendera magetsi a 12 volts, yofanana ndi ya m'nyumba koma yopangidwira batire. Apa mpamene tinaphunzira masamu amene tikufuna kuti wowerenga aliyense awadziwe asanapite kusitolo. Magetsi osungidwa m'batire amayezedwa ndi muyeso wolembedwa Ah, umene tingauyerekeze ndi malita a madzi mu mgolo, ndipo chipangizo chilichonse chili ngati mpopi wotunga mu mgolomo. Firiji yakale ija ikhozanso kuyendera batire, koma imakoka ma amp pafupifupi 8 osapumira, ndiye kuti pa maola 24 imamwa 192 Ah, mabatire awiri athunthu. Firiji yatsopano ya malita 40 imakoka ma amp pafupifupi 4, ndipo imayaka n'kuzima yokha; pa tsiku lotentha, ikayenda maola khumi onse pamodzi, imamwa 40 Ah. Tikaonjezapo nyale ziwiri za LED ndi kutchaja mafoni, zonse zimakwana 50 Ah pa tsiku. Nambala imeneyi mwana uja anailemba ndi choko pachitseko cha galimoto, nati chilichonse chogulidwa chiziyankha kwa iyo. Ambiri a ife timachita mosiyana. Timagula batire limene ndalama zathu zakwanira, n'kulumikizako firiji, wailesi yakanema ndi ayironi, ndipo likafa pakatha miyezi itatu timati wogulitsa anatibera.

Nthawi zina amatiberadi, koma kawirikawiri timalipha tokha. Batire la galimoto linapangidwa kuti lipereke mphamvu yaikulu kwa kamphindi polizira injini, kenaka lidzazidwenso nthawi yomweyo. Kulikama usiku wonse mpaka kuuma kuli ngati kumanga hatchi yothamanga pa ngolo ya ng'ombe. Alamu athu anali atapha kale mabatire anayi mwa njira imeneyi m'miyezi ya mdima ija, ndipo anali atawaunjika kuseri kwa khichini. Pali mabatire ena a mtovu opangidwira ntchito yotere, amene amalembedwa deep cycle, koma nawonso salola kutsitsidwa kupitirira theka ngati tifuna kuti akhalitse. Ndiye kuti batire lolembedwa 100 Ah limakupatsa 50 Ah zokha, chakudya cha tsiku limodzi cha firiji ija, popanda chotsalira cha tsiku la mitambo.

Batire la mtovu ndi nzeru yakale ya Gaston Planté wa ku France, ya mu 1859. La lithium ndi la m'nthawi yathu ino, ndipo John Goodenough, mmodzi wa atatu amene analandira mphoto ya Nobel mu 2019 chifukwa cha mabatire a lithium, ndiye ankatsogolera gulu limene linatulukira mtundu wolembedwa LiFePO4, umene suyaka moto msanga monga mitundu ina ya lithium. Batire lotere la 100 Ah limakupatsa 80 kapena 90 Ah osadandaula, limalemera makilogalamu 12 kapena 13 pamene la mtovu limafika 25 kapena 30, ndipo opanga ake amati limadzazidwa ndi kutsitsidwa kambirimbiri, masauzande angapo, pamene la mtovu limatopa pa mahandiredi. Vuto lake linali mtengo, umene nthawi imeneyo unkaposa wa linzake kawiri kapena katatu. Penishoni ya alamu athu inali itathera pa gasi, firiji ndi sola, choncho kwa miyezi iwiri anabwereka batire la deep cycle kwa mnansi, kufikira mu Disembala pamene chilimba cha alongo athu chinawagwera. Iwo ndiwo anagula batirelo, ndipo mpaka lero salola kuti wina aiwale zimenezi.

Sitikufuna kukutopetsani ndi mawaya, koma zinthu ziwiri sitingazidumphe. Choyamba ndi fyuzi. Anthu amaganiza kuti popeza 12 volts sagwira munthu, ndiye kuti ndi yosaopsa. Komatu waya wa batire akakhudza chitsulo cha galimoto amafiira ngati khasu la pa ng'anjo m'kanthawi kochepa, ndipo batire silizima lokha. Fyuzi iyenera kukhala pafupi penipeni ndi mutu wa batire, osapitirira kutalika kwa chikhatho. Chachiwiri ndi kunenepa kwa waya. Chipangizo cha mawati 100 pa magetsi a m'nyumba a 230 volts chimakoka osakwana theka la amp imodzi, koma pa 12 volts chimakoka 8, choncho kawaya kowonda ka nyale kapena ka sipika kamatentha n'kusungunuka. Mwana uja anazula mawaya onse akale amene makoswe anali atayamba kale kuwadya. Pakati pa alternator ya galimoto ndi batire latsopano anaikapo chotchajira chapadera chimene chimalola ma amp 20 okha, chifukwa batire la lithium limameza magetsi onse amene lapatsidwa ndipo likhoza kupsereza alternator yakale. Chotchajiracho chimatetezanso batire lolizira injini kuti firiji isalikame. Batire analiika kutali ndi kabokosi ka gasi, pakuti kamoto kakang'ono ka waya ndi gasi wodontha si anthu ogonetsa chipinda chimodzi.

Padenga anakhomapo panelo la sola la mawati 200, limene pa tsiku la dzuwa labwino limabweza pafupifupi 60 Ah, kuposa pang'ono nambala ya pachitseko ija. Sabata yoyamba silinafike ngakhale theka. Choyambitsa chinali mango. Mthunzi wa nthambi imodzi pa kangodya ka panelo umagwetsa mphamvu ya panelo lonse. Alamu athu anatenga nkhwangwa, alongo athu anaima patsinde, ndipo mapeto ake tinaitana anyamata anayi n'kukankha Kombi mapazi khumi kupita padzuwa. Umenewo ndiwo unali ulendo wake woyamba m'zaka khumi.

Tsono tibwerere ku mabatire anayi aja a kuseri kwa khichini, chifukwa ife a ku Kabwe tili ndi chifukwa chathuchathu chowaopera. Mzinda uno unabadwa ndi mtovu. Miyala ya mtovu ndi zinki inapezeka kuno mu 1902, njanji inafika mu 1906, ndipo mgodi wa Broken Hill unagwira ntchito mpaka 1994. Unatseka, koma fumbi lake linatsala m'nthaka ya ku Kasanda, ku Makululu, ku Chowa ndi madera ena oyandikana ndi mgodi, ndipo ana ambiri a kumeneko apezeka ndi mtovu wochuluka m'magazi. Mtovu umaononga ubongo wa mwana, umabweza nzeru ndi kukula kwake, ndipo bungwe la World Health Organization limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene umadziwika kuti ndi wosavulaza. Ife a ku Highridge timakonda kudzitonthoza kuti tili patali ndi mgodi. Koma gawo lalikulu la mtovu wa padziko lonse limathera m'mabatire, ndipo batire lililonse la galimoto lili ndi makilogalamu angapo. M'chaka chija cha mdima tinaubweretsa tokha mtovuwo pa wilibala, n'kuuika pafupi ndi dimba la repu.

Limodzi mwa mabatire a alamu athu linali litang'aluka, ndipo pansi pake udzu unali utapsa. Tsiku lina kunabwera anyamata ogula zitsulo zakale, nawapatsa mtengo wabwino ndithu. Mwana wawo anawafunsa kuti amakachita nawo chiyani. Iwo anayankha mosabisa kuti amawaswa ndi nkhwangwa, kukhuthula asidi pansi, n'kusungunula mtovuwo pamoto m'chitini. Utsi wa ntchito imeneyi amaupuma ndi iwo eni pamodzi ndi ana a pamalopo, ndipo phulusa lake limatsala pabwalo pamene makanda amakwawa. Alamu athu, amene anakulira pakati pa anthu a mumgodi ndipo amadziwa mabanja amene akulera ana odwala, anawabweza anyamatawo. Malamulo a dziko lino amaika mabatire akutha m'gulu la zinyalala zoopsa, zimene zimayang'aniridwa ndi Zambia Environmental Management Agency, ndipo masitolo ambiri ogulitsa mabatire amalandira akale, ena n'kukuchotserako mtengo wa latsopano. Kumeneko ndiko tinawapereka, titavala magolovesi, long'alukalo titaliika m'beseni lapulasitiki. Ndalama zinali zocheperapo kusiyana ndi za anyamata aja. Dothi la pamalopo tinalifukula n'kulichotsa, ndipo alongo athu sanadzalenso ndiwo mbali imeneyo. La lithium nalonso likadzatha silidzapita kudzala kapena pamoto, lidzabwerera kwa wogulitsa.

Injini inatenga miyezi ina inayi, ndipo imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Mu Epulo 2025 Kombi inanyamuka kupita ku Katete kukamanga chiliza cha apongozi athu, ulendo umene alongo athu anali atauzengereza zaka ziwiri poopa kuyenda ndi mankhwala pabasi. Tisananyamuke alamu athu anatseka gasi pa silinda penipeni, chifukwa galimoto siyenda gasi ali chitsekulire, makamaka polowa pomwetsera mafuta. Tinadutsa Lusaka m'mamawa, ndipo masana tinaima pa Luangwa Bridge, pamene kutentha kwa m'chigwa kumaumitsa malovu m'kamwa. Amayi anatsika kukagula nsomba zouma, ife tinakhala pamthunzi, ndipo mdzukulu uja, amene tsopano ndiye mlembi wa kope la manambala, anatsekula firiji n'kufuula kuti, "Agogo, ili pa 5!"

Firiji yakale ili pansi pa mango, pamalo pomwe panali galimoto. Mapayipi ake sitinawaboole, chifukwa amoniya wa m'katimo amapsereza maso ndi mapapo, ndipo chitseko tinachichotsa kuti mwana wosewera chibisalirano asadzitsekeremo. Alongo athu anayalamo udzu, ndipo nkhuku zija zinayamba kuikiramo sabata yomweyo.